Tanthauzo la Mau Akuti "Kukana" pa Nkhani ya Cikondi

Mau akuti "kukana" ndi amodzi mwa mau omwe anyamata ambili amaopa kumva pamene afunsila mtsikana. Mu Cinyanja, mnyamata amafunsila, ndipo mtsikana amalola kapena amakana. Wofunsila uja akabwelako cimanjamanja amati "wandikana", pomwe anzake amakamba kuti wakanidwa.

Mauwa amasiyana ndi "kusiya" komanso "kusudzula". Munthu amasiya cibwenzi cimene cinayamba kale, ndipo amasudzula mkazi kapena mwamuna wa m'banja, nkhani itafika kwa ankhoswe. Koma kukana kumacitika pa ciyambi penipeni, cikondi cisanamele n'komwe.

Pakati pa Acewa a ku cigawo ca Kum'mawa, m'maboma monga Katete ndi Chadiza, pali mwambi wakuti mbeta silola tsiku limodzi. Mbeta ndi mkazi wosakwatiwa. Kale mtsikana wolola msanga anali kuonedwa ngati wopepuka, motelo anali kuyamba wakana, kwinaku afufuza khalidwe la mnyamatayo ndi mbili ya kwao. Mnyamata nayenso anali kudziwa kuti afunika kubwelanso.

Ngakhale n'telo, makolo anali kudziwa kusiyanitsa kukana kwa manyazi ndi kukana kwenikweni. Mtsikana akakana kulandila cikole, comwe ndi mphatso yotsimikizila cibwenzi, kapena akacibweza, nkhani inali kuthela pomwepo, ndipo amalume a mnyamata anali kumulangiza kuti akafune kwina. Mbali imeneyi ndiyo imaiwalika masiku ano. Anyamata ena a m'tauni amauloweza bwino mwambi uja, koma amaugwilitsa nchito ngati cilolezo comulondola mtsikana pa njila ya kusukulu, kumudikila pa siteshoni ya basi, ndi kumutumila foni usiku wonse, ngakhale wakana kale kakhumi.

Lamulo la dziko la Zambia silivomeleza khalidwe lotele. Lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, Anti-Gender-Based Violence Act, lomwe linakhazikitsidwa mu 2011, limawelengela kuvutitsa ndi kulondalonda munthu m'gulu la nkhanza. Mkazi kapena mwamuna amene avutitsidwa kamba koti anakana cibwenzi angathe kukadandaula ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit.