Dipo la Chiombolo Chathu



Akuluakulu a kuno ku Lirangwe sanaiwale njala ya 1949. Mvula idakana, chimanga chidauma chisanamasule, ndipo abambo ambiri adanka kukasuma ku Neno ndi ku Ntcheu. Atisimbira za amai amene adasinja gaga wotsiriza, naphikira ana phala, iwo nagona ndi madzi okha. Palibe adawalamula kutero. Chikondi ndicho chidawakakamiza.

Tsono ngati mai, ali munthu wofoka, atha kudzimana chotero, nanga Mulungu amene adalenga mtima wa maiyo? Ife tidagwa m'ukapolo wa machimo, wopanda mbale wotiombola. Pamenepo Atate sadatulutse mbuzi kapena nsalu, monga makolo ankaombolera munthu wogwidwa pa mlandu. Adapereka Mwana wao, Ambuye Yezu Kristu, amene adatifera pa mtanda, natisiyira Thupi lake m'Ukaristia kuti tisafenso ndi njala ya mzimu.

Tidagulidwa ndi mtengo waukulu; tisadzigulitsenso ku mowa ndi kuombeza. Tilape, tifike ku Misa, ndipo pokolola tikumbuke wamasiye wokhala kuseri kwa nkhokwe yathu. Ndimo Muomboli adzadziwa kuti tamuthokoza.