Mlonda wa m'Mitsempha ya Mwazi

Munthu akadziceka ndi mpeni, mwazi utuluka kanthawi, ndipo zikapita mphindi zowerengeka uundana, nuleka kutuluka. Koma m'kati mwa thupi mwazi womwewo uyenda usana ndi usiku zaka zambiri osaundana. Kodi ciusunga cotere nciani?

Mtsempha uli wonse wa mwazi uli ndi kacikopa kosalala koyala m'kati mwace. Nkopyapyala kwambiri, kotero kuti sikaoneka popanda galasi lokuza zinthu. Madokotala akachula endothelium. Kacikopaka ndiko mlonda wa mwazi.

M'mwazi muli tizidutswa tating'ono tochedwa mapulateleti, topangidwa m'mafuta a m'mafupa. Kacidutswa kamodzi kakhala masiku 7 kufikira 10, ndipo nchito yace ndiyo kutseka mabala. Mtsempha ukakhala wamphumphu, kacikopa kaja katulutsa mankhwala oletsa tizidutswato kukangamira. Ena mwa mankhwalawo ndi mpweya wochedwa nitric oxide, umene ufewetsanso mtsempha. Robert Furchgott wa ku New York anapeza m'caka ca 1980 kuti kacikopa ndiko kafewetsa mtsempha, nalandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1998.

Tsono mtsempha ukacekeka, kacikopa kang'ambika, ndi mnofu wa pansi pace ukhala poyera. Pomwepo tizidutswa tikangamira pabalapo, tiunjikana. Pambuyo pace tiulusi tochedwa fibrin tilukana monga ukonde, tikola mwazi wopitapo, ndipo papangika cibuma cotseka bala. Cibumaco cikauma pakhungu ndico nkhanambo.

Bala likapola, cibuma ca m'kati sicifunikanso. Apo kacikopa katulutsa mankhwala ena, dzina lace tPA, amene autsa plasmin. Plasmin ndiye adula tiulusi tija pang'ono-pang'ono, kufikira njira ya mwazi itatseguka.

Kacikopa kakaonongeka, mwazi ukhoza kuundana popanda bala, nutseka mtsempha wa kumtima kapena wa kubongo. Munthu wotere angafe ziwalo, mwinanso kufa kumene. Fodya, nthenda ya shuga ndi kuthamanga kwa mwazi ziononga kacikopaka. Cifukwa cace mwana wanzeru apewa fodya. Akadziceka, akanikiza bala ndi nsaru yoyera, osathirapo dothi, ndipo sakanda nkhanambo isanagwe yokha.

Mafunso
1. Cifukwa ninji mwazi suundana mumtsempha wamphumphu?
2. Fotokozani nchito ya plasmin.