Abusa a Ng'ombe M'mbali mwa Nyanja ku Nkhotakota

Mumzinda wa Lubbock ku Texas muli malo otchedwa National Ranching Heritage Center, kumene anasonkhanitsa nyumba zakale, makola ndi zipangizo za anthu oweta ng'ombe, n'kuziimika pabwalo kuti alendo aziyenda n'kumaona mmene macowboy ankakhalira. Anyamata amenewa ndi amene ankakusa ng'ombe pa akavalo kuchoka ku Texas mpaka kusiteshoni ya sitima ku Abilene kuyambira mu 1867. Ku Nkhotakota kulibe malo otere. Mlendo amapita kukaona mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863, kapena njovu za m'nkhalango ya Nkhotakota. Koma ntchito yoweta ng'ombe ikuchitikabe, ndipo woyenda pamsewu wa M5 amaiona ndi maso.

Boma lino ndi la nsomba, mpunga, chinangwa ndi nzimbe, ndipo ng'ombe sizichuluka ngati ku Mzimba kapena ku Chikwawa. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi kashembe. Ntchentche imeneyi imaswana m'nkhalango ya Nkhotakota, yomwe ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, ndipo imapatsa anthu kaodzera. Ng'ombe ikalumidwa imayamba kuwonda ngakhale msipu uli wobiriwira, ubweya umanyankhalala, pamapeto pake imagona osadzukanso. N'chifukwa chake makola ambiri amapezeka chakunyanja, m'madambo, kutali ndi malire a nkhalango. Ng'ombe zake ndi zamakolo zija za linunda, zazing'ono thupi koma zopirira kutentha.

Mwini ntchito weniweni ndi mbusa. Amatsekula khola mame akayamba kuuma, atakama kaye mkaka pang'ono n'kusiyira thole gawo lake. M'manja amanyamula chikwapu, m'khosi legeni. Ng'ombe iliyonse ili ndi dzina, ndipo amadziwa yomwe imatsogolera, yomwe imatsalira, ndi yomwe imangoyang'ana kumunda kwa eni. Likhweru limodzi limabweza gulu lonse. Akaona ina yasiya kubzikula, makutu ali pansi, amadziwa kuti madzulo ayenera kuuza mwini khola. Pomwetsa madzi kumtsinje wa Bua kapena m'mphepete mwa nyanja ya Chia amasankha pamalo posaya, poti ng'ona sizisankha mbuzi kapena thole.

Nyengo yovuta ndi ya dzinja. Madambo onse amakhala minda ya mpunga, malo odyetsera amachepa, ndipo mbusa amayendetsa ziweto m'timipata ta pakati pa minda. Akangosinza pansi pa mtengo, mpunga wa Faya kapena Kilombero wa munthu wadyedwa, mlandu wapita kwa amfumu, mwini ng'ombe walipa chindapusa. Akamaliza kukolola zinthu zimapepuka: ng'ombe zimalowa m'ziputu, zimadya mapesi, n'kusiyamo ndowe zomwe zimabwezera nthaka chonde.

Pambuyo pa mbusa pali ena ambiri amene amadyera pa ng'ombe. Alipo ophunzitsa ng'ombe zofula kusenza goli, ntchito yofuna kuleza mtima chifukwa ng'ombe ziwiri za pagoli limodzi ziyenera kuyenda mwendo umodzi. Alipo olima ndi pulawo m'minda ya mpunga, mmodzi atagwira zigwiriro, mnzake akutsogolera, matope ali m'mawondo. Alipo angolo, amene amatuta matumba a mpunga, njerwa, mchenga ndi nkhuni, ndipo nthawi zina amanyamula wodwala kupita naye kumsewu. Mlangizi wa ziweto amabaya jekeseni, amafula nkhunzi, amalangiza za mankhwala a nkhupakupa, ndiponso amayeza nyama isanagulitsidwe. Kumapeto kwa mzerewu kuli mabutchala ndi anyamata a chiwaya a pa Dwangwa, kumene ogwira ntchito pa esiteti ya nzimbe amasandutsa kutha kwa mwezi kukhala nyengo ya malonda.

Mwa anthu onsewa, amene amapeza zochepa ndi mbusa. Ngolo ikapita ulendo, mwini wake amalandira ndalama tsiku lomwelo. Mbusa amadikira kutha kwa mwezi, ndipo m'madera ena amangolonjezedwa thole akaweta nthawi yomwe agwirizana. Ng'ombe ikasowa usiku, woyamba kufunsidwa ndi iye. Nthawi zambiri amakhala mwana wa msinkhu wa sukulu, ngakhale maphunziro a pulayimale akhala aulere kuyambira mu 1994, ndipo lamulo la ntchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Mabanja ena amagawana: mkulu aweta m'mawa, mwana alandira akaweruka. Ena amaphatikiza makola awiri kapena atatu n'kulemba munthu wamkulu mmodzi, amene malipiro ake amakwanira chifukwa asonkherana.

Njira yachiwiriyi ndi imene ingasunge ntchitoyi. Luso lozindikira ng'ombe yodwala isanagwe, lodziwa dambo la msipu wabwino mu Okutobala, ndi loyenda ndi ziweto pakati pa minda popanda mlandu silibwera m'chaka chimodzi, ndipo mnyamata amene amathawa ntchitoyi akangokula amapita nalo. Mwini khola amene akufuna kuti ng'ombe zake ziswane ayenera kulipira mbusa mokwanira kuti munthu wamkulu, wabanja lake, aone kuti n'zotheka kukhalitsa pantchitoyi.