Tanthauzo la "chigumula cha zaka 50" pomanga milatho

Pa misonkhano ya makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, funso limodzi limabwera mobwerezabwereza: ngati mainjiniya amati mlatho unamangidwa kuti upirire "chigumula cha zaka 50", nanga bwanji madzi amaukwera usanathe ngakhale zaka khumi? Funsoli ndi lomveka. Anthu a m'chigwa cha Shire aona madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Ana anaononga damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 pa magetsi a dziko lino. Popeza milatho, makalavati ndi madayiki zimamangidwa ndi ndalama zanu, n'koyenera kuti mudziwe momwe kukula kwake kumawerengedwera.

Mawu akuti "chigumula cha zaka 50" satanthauza kuti madzi otere amabwera kamodzi kenaka n'kupuma zaka 50. Amanena za kukula kwa madzi ndi kuthekera kwake kobwera m'chaka chilichonse. Tayerekezani thumba la nyemba 50, zoyera 49 ndi yofiira imodzi. Chaka chilichonse munthu akupisamo dzanja osayang'ana, natulutsa nyemba imodzi, kenaka n'kuibwezeramo. Yofiirayo ikhoza kutuluka chaka chino, n'kutulukanso chaka chamawa, kapena osaoneka kwa mbadwo wathunthu, chifukwa thumba silikumbukira zomwe linatulutsa chaka chatha. Masamu ake amaonetsa kuti pa milatho 100 yomangidwira chigumula cha zaka 50, iliyonse pa mtsinje wakewake, pafupifupi 18 idzakumana nacho m'zaka khumi zoyambirira, ndipo pafupifupi 64 idzakumana nacho zaka 50 zisanathe. Choncho amene akumanga nyumba m'mbali mwa mtsinje poganiza kuti madzi aakulu anadutsa kale mu 2023 akudzinamiza.

Kuti adziwe kukula kwa madziwo, akatswiri amayambira pa zipilala zolembedwa manambala zomwe zimaimikidwa m'mitsinje, monga pa Shire ku Liwonde ndi ku Chiromo kumene Ruo amathira. Munthu wolembedwa ntchito amawerenga tsiku ndi tsiku pomwe madzi alekezera, ndipo msinkhuwo amausandutsa kuchuluka kwa madzi odutsa pamalopo pa sekondi imodzi. M'chaka chilichonse amasankhamo madzi okwera kwambiri okha, ndipo amawandandalika kuyambira aakulu kutsika m'munsi. Ngati pali kaundula wa zaka 29, amaonjezerapo chimodzi kukhala 30, n'kugawa ndi nambala ya pa ndandandapo. Madzi a nambala wani amakhala a zaka 30, achiwiri a zaka 15, achitatu a zaka 10. Pofuna kudziwa a zaka 50 kapena 100, omwe mwina kaundulayo sanawaonepo, amagwiritsa ntchito njira zamasamu monga ija anaifalitsa katswiri wa ku Germany, Emil Gumbel. Kaundula akafupika, yankho nalo limagwedera, ndiye chifukwa chake kuzula kapena kuba chipilala cha mumtsinje n'kulakwira dera lonse.

Makwawa ndi timitsinje tambiri ta m'mawodi mwathu tilibe zipilala zotere. Pamenepo injiniya amawerengera zinthu zitatu: kukula kwa dera lomwe madzi ake amatsikira pakhwawapo, mphamvu ya mvula molingana ndi kaundula wa nthambi yoona zanyengo, ndi gawo la mvulayo lomwe limathamanga pamwamba osalowa m'nthaka. Mvula ya mamilimita 50 ikagwa pa hekitala imodzi imasiya malita 500,000, omwe ndi ndowa 25,000 za malita 20. Pamalo pomwe pali mitengo, udzu ndi mizere yopingasa, gawo lalikulu la madziwa limalowa pansi ndipo otsalawo amatsika pang'onopang'ono. Paphiri logwetsedwa mitengo, ambiri amafika pakalavati nthawi imodzi atasenza mchenga, miyala ndi zitsa. Motero kalavati yomwe inawerengedwa bwino phiri lili ndi mitengo imachepa phirilo likayera, ngakhale mvula isasinthe.

Ena amafunsa kuti bwanji osangomanga chilichonse mopirira madzi aakulu kwambiri. Yankho lagona pa thumba la chitukuko. Mlatho ukakwezedwa ndi kutalikitsidwa umadya simenti, zitsulo ndi dothi lochuluka, ndipo ndalama zomwezo zikudikiridwa ndi sukulu, zipatala ndi mijigo. N'chifukwa chake pamayang'anidwa zomwe zingatayike chinthucho chitagonja. Kawirikawiri kalavati ya pamsewu wa m'mudzi imawerengedwera madzi a zaka 10 kapena 25, pomwe mlatho waukulu wolumikiza anthu ndi chipatala kapena msika umawerengedwera a zaka 50 kapena 100. Pamwamba pa msinkhu wowerengedwawo amasiyanso mpata woti mitengo yokokoloka idutse osatsamira. Pamakwawa ena amasankha dala mlatho wotsika womwe madzi amaukwera kwa maola ochepa koma osaugumula. Pamalo otere chofunika ndi kudikira madzi aphwe, osati kuwoloka mokakamiza.

Masamu onsewa amadalira zakale, pomwe nyengo ikusintha ndipo mitsinje ikukwiririka ndi mchenga. Madzi omwe kale ankatchedwa a zaka 50 akhoza kukhala akubwera pafupipafupi masiku ano. Apa ndi pomwe nzeru zanu zimafunika. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo agogo a m'mudzi amadziwa pomwe mtsinje unkadutsa kale. Chizindikiro cha matope pakhoma la tchalitchi, pasukulu kapena pamtengo wa mlambe ndi umboni womwe injiniya angathe kuuyeza ndi kuwerengera madzi omwe anadutsa.

Khonsolo ikupempha mafumu, makhansala ndi makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kuti madzi akaphwa azilemba ndi penti pomwe analekezera, pamodzi ndi tsiku lake, ndipo aziperekeza akatswiri oyeza malo akabwera. Mvula isanayambe, makalavati ndi ngalande zichotsedwe mchenga ndi zinyalala, ndipo m'mbali mwa mitsinje mudzalidwe mitengo, nsungwi ndi udzu wa vetiva. Ntchito ya mlatho kapena dayiki ikaperekedwa ku komiti ya chitukuko ya m'dera lanu, muli ndi ufulu wofunsa mafunso atatu: yawerengedwera madzi a zaka zingati, manambala ake achokera kuti, ndipo madzi akadzaposa pamenepo adzalowera kuti. Mayankho ake alembedwe m'maminitsi a msonkhanowo kuti aliyense athe kuwaona.