Wageni wodwala shuga asamadumphe nkhomaliro

Amene amakapikula tomato ku Lizulu kapena kachewere ku Tsangano amadziwa momwe tsiku la geni limayendera. Munthu amadzuka kusanache, n'kulimbirana matola, kutsitsa katundu, kuyala pabenchi, ndipo akamadzakumbukira za m'mimba dzuwa limakhala litapendeka kale. Kwa ena imeneyi ndi njala chabe, koma kwa amene ali pa mankhwala a shuga ndi ngozi.

Mapiritsi monga glibenclamide komanso jakisoni wa insulin amatsitsa shuga m'magazi kaya munthu wadya kaya sanadye. Akamwa m'mawa n'kukhala osadya mpaka 3 koloko masana, shuga amatha kutsika mopyola muyezo. Amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kumva chizungulire ndi kusokoneza chenji, mwinanso kukomoka pamaso pa makasitomala. Zikangoyamba, asungunule masupuni aang'ono atatu a shuga m'madzi kapena adye maswiti angapo, kenako apeze chakudya chenicheni. Mnzake wa benchi loyandikana azidziwa zimenezi, komanso kuti munthu wokomoka samuthira kanthu m'kamwa, amathamangira naye kuchipatala.

Njala ikavuta pamsika, zomwe zimakhala pafupi ndi mandasi, chipisi cha pachiwaya, thobwa lothira shuga ndi zoziziritsa kukhosi. Botolo la 500ml la Coca-Cola lili ndi shuga wopitirira magalamu 50, pomwe bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu kuti asapyole pafupifupi mlingo womwewo pa tsiku lonse.

Zakudya zoyenera sizifuna kulowa m'magolosale akuluakulu. Bonongwe, chisoso, nkhwani ndi therere ndi ena mwa milu yotsika mtengo pamsika, makamaka m'dzinja. Nyemba, nandolo, usipa ndi mtedza zimakhalitsa m'mimba. Mgaiwa nawo umapulumutsa ndalama, chifukwa palibe kulipira kukonola ndipo palibe chimanga chothera ku madeya. Komatu mgaiwa si mankhwala, monga ena amaganizira. Mitanda inayi ya mgaiwa imakwezabe shuga, choncho masamba achuluke m'mbale, nsima ichepe. Kuphika kunyumba n'kunyamula m'kontena kumatchipa kusiyana ndi kugula tsiku ndi tsiku, ndipo chakudyacho chimakhala pomwepo nthawi ikakwana.

Eni malesitilanti ndi tiyirumu pali msika apa. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 adapeza kuti pafupifupi akuluakulu 6 mwa 100 aliwonse m'Malawi anali ndi matendawa. Kuika shuga payekha m'malo mothiriratu mu ketulo, ndi kukhala ndi mphika wa mgaiwa pambali pa wa ufa woyera, sikufuna mpamba wowonjezera.

Pamsika pomwepo pamadutsanso ogulitsa mabotolo a zitsamba olengeza kuti amachiziratu shuga. Amene wasiya mankhwala akuchipatala chifukwa cha mabotolo amenewa amaika impso ndi maso ake pachiswe, ndalama atataya kale.

Palinso za mapazi. Shuga amawononga mitsempha, moti msomali wa pakreti kapena galasi losweka likhoza kubaya munthu osamva, bala n'kukula mpaka kufika podulitsa mwendo. Nsapato yotseka kutsogolo imateteza kuposa patapata, ndipo mapazi aziyang'anidwa madzulo aliwonse posamba. Tsiku lokayezetsa ndi kulandira mankhwala likagundana ndi tsiku la msika, benchi asiyire m'bale kapena mnzake womukhulupirira, buku la ngongole lili pomwepo.