Kodi Abrahamu Anali Mwana wa Yani?

Tsiku lina, tikuphunzitsa za Baibulo mu Sitandade 7, tinafunsa ana kuti atitchulire dzina la atate ake a Abrahamu. M'kalasi monse munangoti zii. Onse ankadziwa za Isake ndi nkhosa yamphongo ija, onse ankadziwa kuti Sara anaseka, koma Tera panalibe womudziwa. Tisanawadzudzule tinawafunsa funso lina: kodi agogo awo a agogo anu anabadwira kuti? Manja amene anakwezedwa anali owerengeka, ndipo ngakhale eni manjawo anangoti, "Komwe kuno." Pamenepo tinazindikira kuti mlandu suli pa ana ayi. Uli pa ife makolo, amene tasiya kufotokoza za makolo a Abrahamu ndi za makolo athu omwe.

Nkhani ya Tera ili pa Genesis 11:27-32. Ndi mavesi 6 okha, ndipo popeza atsatana ndi mndandanda wautali wa maina a zidzukulu za Semu, ambiri a ife timawalumpha pothamangira mutu 12, pamene Mulungu aitana Abramu. Koma wowerenga mofatsa apeza m'mavesi amenewa banja longa mabanja a m'midzi mwathu muno, lokhala ndi maliro ake, amasiye ake ndi nkhawa zake.

Tera anali ndi ana aamuna atatu: Abramu, Nahori ndi Harana. Harana anamwalira atate ake ali moyo, m'dziko lomwe anabadwira, ku Uri wa kwa Akaldayo. Kholo lililonse limene linaikapo mwana wake m'manda lidziwa kulemera kwake kwa mawu amenewa. Iye anasiya mwana wamwamuna, Loti, ndi aakazi awiri, Milika ndi Isika. Nahori anakwatira Milika, mwana wa mbale wake. Abramu anakwatira Sarai, amene pa Genesis 20:12 timva kuti anali mlongo wake wa bambo mmodzi koma mayi wina. Ukwati wotere unadzaletsedwa pambuyo pake m'chilamulo cha Mose, monga tiona pa Levitiko 18:9, koma Malembo sanaubise pofuna kukometsa mbiri ya kholo la mtundu. Anenanso poyera kuti Sarai analibe mwana.

Pano tiyenera kuwathandiza ana athu, chifukwa mwambo wa Ahebri ndi wathu zisiyana. Kwathu kuno mwana ndi wa mbumba ya kuchikazi, ndipo wamasiye amayang'ana kwa malume ake. Kwa Ahebri mwana anali wa kuchimuna. Abramu sanali malume wa Loti ayi; mwa kutchula kwathu anali atate ake ena, mbale wa atate ake omubala. Nchifukwa chake Loti anakhala m'manja mwa agogo ake a Tera, ndipo kenaka m'manja mwa Abramu.

Nanga Uri anali malo otani? Ambiri timaganiza za kamudzi ka mahema pakati pa mchenga. Akatswiri ambiri agwirizana kuti Uri ndi mabwinja amene ali kumwera kwa dziko la Iraq, pafupi ndi mzinda wa Nasiriyah, kufupi ndi mtsinje wa Firate, ngakhale alipo ena amene amauika kumpoto, kufupi ndi Harana. Kuyambira 1922 mpaka 1934 Mngelezi wina, Leonard Woolley, anakumba mabwinja a kumwerawo. Anapeza misewu, nyumba za njerwa, manda a mafumu odzaza ndi zinthu zagolide, ndiponso timapale tadongo tolembedwa, tina mwa ito ta ana a sukulu amene ankaphunzira kulemba ndi kuchita masamu. Ife aphunzitsi tikamva zimenezi timamwetulira: ntchito yathuyi ndi yakale ndithu. Pamwamba pa zonse panali nsanja yaikulu ya njerwa imene mfumu Ur-Nammu inamanga cha m'ma 2100 Khristu asanabadwe, yomangira mulungu wa mwezi wotchedwa Nanna, amene ena ankamutcha Sin. Chigawo cha nsanjayo chilipobe, ndipo Papa Francis anakachezera malowo mu Malichi 2021.

Banja la Tera silinali lopatulika pakati pa opembedza mwezi amenewa. Yoswa, polankhula ndi Aisrayeli ku Sekemu (Yoswa 24:2), anawakumbutsa kuti makolo awo, ndipo anamutchula Tera ndi dzina, ankatumikira milungu ina tsidya lija la mtsinje. Patapita mibadwo, Rakele anaba timafano ta m'nyumba ya atate ake Labani, mdzukulu wa Nahori. Abrahamu, amene timutcha tate wa okhulupirira, anakulira m'nyumba ya mafano.

Amene anayamba ulendo, monga mwa Genesis 11:31, ndi Tera. Anatenga Abramu, Sarai ndi Loti, nanyamuka kulinga ku Kanani. Njira yachidule inali yodutsa m'chipululu chopanda madzi, motero apaulendo a masiku amenewo ankatsata mtsinje wa Firate kulowera kumpoto. Kuchokera ku Uri kufika ku Harana ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000, kuposa kutalika kwa dziko lathu lonse kuchokera ku Nsanje kufika ku Chitipa, ndipo anauyenda ali ndi ziweto, akatundu ndi nkhalamba. Harana lero ali m'dziko la Turkey, kufupi ndi malire a Syria. Dzina la mzindawu ndi dzina la mwana wa Tera zimveka zofanana m'Chichewa, koma m'Chihebri zilembedwa mosiyana. Tisaphunzitse ana kuti mzindawo unatchedwa dzina la malemuyo.

Atafika ku Harana anakhazikika, ndipo Tera anafera komweko ali ndi zaka 205, Kanani osamuona. Tamvapo alaliki akumudzudzula mkuluyu kuti anathera panjira. Nzoona kuti Harana unali mzinda wa malonda, pamphambano ya njira zazikulu, ndiponso unali ndi kachisi wotchuka wa mulungu wa mwezi yemwe uja, kotero kuti munthu wa ku Uri sakadamva chilendo kwambiri. Komabe ife sitifulumira kumuweruza. Malembo samudzudzula. Nkhalamba imene yaika mwana m'manda, yanyamula wamasiye ndi kuyenda mtunda wonsewo, ikapeza pamene pali madzi ndi msipu nkukhala pansi, ndani mwa ife angaiponye mwala?

Achinyamata okonda masamu aone ichi. Genesis 11:26 atchula zaka 70 za Tera pa kubadwa kwa ana ake, ndipo Genesis 12:4 ati Abramu anachoka ku Harana ali ndi zaka 75. Tikaphatikiza tipeza 145, kutanthauza kuti Tera anakhalabe ndi moyo zaka zina 60 mwana wake atapita. Koma Stefano, pa Machitidwe 7:4, ati Abrahamu anasamuka atate ake atamwalira. Omasulira ena amati Abramu sanali woyamba kubadwa, anangotchulidwa poyamba chifukwa cha ulemu wake, ndipo anabadwa Tera ali ndi zaka 130. Malembo akale a Asamariya nawo amati Tera anafa ali ndi zaka 145. Mafunso otere asatiopse tikawamva kwa ana athu; mwana wofunsa ndiye kuti akuwerenga. Chimene onse agwirizana nchakuti Abramu anasiya abale ake ku Harana napita kumene sankakudziwa.

Tsopano tibwere kwathu kuno. M'boma lathu la Chiradzulu, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 350,000, ndi mabanja angati amene makolo awo sanayendepo ulendo wonga wa Tera? Amang'anja, amene timawatcha eni nthaka, ndi nthambi ya Amaravi, ndipo mbiri ya makolo awo imati anachokera ku Uluwa, m'dziko la Congo. Ayao anatsikira kuno cha m'ma 1860. Pamene Bishopu Charles Mackenzie ankamanga mishoni yake ku Magomero mu 1861, anapeza dziko lili pa nkhondo chifukwa cha kusamuka kumeneko ndi malonda a akapolo. Amene anayambitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, imene ili chiyambi cha Sinodi yathu, anali alendo ochokera ku Scotland. Ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1890 mpaka m'ma 1930, Alomwe ambirimbiri anawoloka malire kuchokera ku Mozambique, ku dziko lozungulira mapiri a Namuli, kuthawa njala, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi.

Iwo sanapeze dziko lopanda mwini. Malo ambiri anali m'manja mwa Azungu a maesiteti, monga A. L. Bruce Estates ya ku Magomero, ndipo mlendo ankaloledwa kumanga ndi kulima pokhapokha atavomera thangata, ndiko kugwira ntchito pa esiteti polipirira malo ndi msonkho. Sizodabwitsa kuti ambiri a iwo anathamangira kwa John Chilembwe, amene anakhazikitsa mishoni yake ku Mbombwe mu 1900, ndi kuti kuukira kwa mu Januwale 1915 kunagwera pa esiteti ya Magomero yomweyo. Pamwamba pa thangata panalinso dzina lachipongwe limene anthu ankawaitanira. Lewis Mataka Bandawe, munthu wa mishoni ya Blantyre amene anatumikira ku Mihecani m'dziko la Mozambique ndi kumasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, ndiye anatsogolera bungwe la Alomwe m'zaka za m'ma 1940, mpaka boma linavomera kusiya dzina lija ndi kulemba kuti Alomwe.

Boma linasintha dzina, koma manyazi anatsalira m'nyumba. Ife amene tapitirira zaka 50 tikumbukira agogo athu akulankhula chilankhulo chawo okhaokha pamtondo, nkusintha msanga ife tikayandikira. Ankafuna kutiteteza, kuti tisasekedwe kusukulu. Sitiwaimba mlandu. Koma zotsatira zake ndi zimene tinaziona m'kalasi muja. Lero Alomwe ndi mtundu wachiwiri kukula m'Malawi, ndipo chiyambire 2007 ali ndi bungwe la Mulhako wa Alhomwe, komatu chikondwerero cha tsiku limodzi pachaka ku Chonde sichingalowe m'malo mwa agogo ofotokozera mdzukulu wawo madzulo pakhonde.

Israyeli anachita zosiyana ndi ife. Pa Deuteronomo 26, mlimi wobwera ndi dengu la zipatso zoyamba ankalamulidwa kuvomereza mokweza, pamaso pa wansembe, kuti kholo lake linali Mwaramu wosowa pokhala amene anakakhala mlendo ku Aigupto. Taganizani, abale, tikadamatero pa tsiku la masika, aliyense asanatule thumba lake la chimanga kutsogolo kwa tchalitchi. Mawu akuti "obwera", amene timawamva pa milandu ya malire a minda, ndipo mwachisoni nthawi zina ngakhale posankha akulu a mpingo, akadatuluka bwanji m'kamwa mwathu? Tinawamva ponena za othawa nkhondo a ku Mozambique, amene anafika pafupifupi 1,000,000 m'dziko muno mtendere usanabwere mu 1992. Tinawamvanso ponena za anansi athu enieni amene namondwe Freddy anawagumulira midzi mu Malichi 2023, pamene ankafuna pomanga pena.

Abrahamu mwini wake sanachite manyazi ndi dzina limeneli. Sara atamwalira ku Hebroni ali ndi zaka 127, iye anaima pamaso pa Ahiti nadzitcha mlendo wongokhala nawo, napempha malo oikapo maliro. Anagula munda ndi phanga la Makipela kwa Efroni ndi masekeli asiliva 400. Dziko lonse la Kanani analonjezedwa, koma munda umene Malembo atiuza kuti anaugula ndi wa manda umenewu. Akuluakulu athu adziwa chifukwa chake: banja lachilendo limayamba kukhala la pamudzi tsiku limene a mfumu alilozera poika wakufa wake.

Kwa inu achinyamata amene mitima ili ku Joni, nkhaniyi ili ndi mbali zonse ziwiri. Sitinganene kuti kuchoka ndi tchimo, pakuti minda yathu yachepa ndipo Abramu naye anatsikira ku Aigupto chifukwa cha njala. Koma onani chimene chinamugwetsa kumeneko. Chifukwa cha mantha anabisa kuti Sarai ndi mkazi wake. Pa bwalo la mpingo takhala tikumva milandu yofanana ndi imeneyi: mwamuna wafika kuchilendo, wasintha dzina, wakana kuti kumudzi anasiya banja, ndipo mayi ndi ana angomva za ukwati wina pa foni ya mnansi. Onaninso zimene anachita bwino. Sanamusiye wamasiye Loti ku Harana. Ku Sekemu ndi kufupi ndi Beteli anamanga maguwa a nsembe, ngakhale iye mwini ankagona m'hema. Ndipo atakalamba anatuma wantchito wake kwa abale ake a nyumba ya Nahori, kumene kunachokera Rebeka, koma analetsa kolimba kuti Isake asabwezedwe kumeneko. Kwawo sanakuiwale, komanso sanabwerere ku milungu ya kwawo.

Ana a m'kalasi aja tinawatuma kuti akafunse kunyumba. Lolemba lake mtsikana wina anabwera ndi tsamba lodzaza mbali zonse. Anati agogo ake poyamba anakana, nati za kale nzosathandiza, koma atadya nsima anayamba okha, osalekeza mpaka nyali inatha mafuta. Agogo awo a iwo anafika kuno ali kumbuyo, m'chaka cha njala; mlongo wawo wamng'ono anaikidwa panjira, kuseri kwa phiri la Mulanje, ndipo atate awo anagwira thangata kufikira imfa yawo. Amayi ake a mtsikanayo, amene anali kutsuka mbale pafupi, nkhaniyi anali asanaimvepo.

Tinagawa bolodi pakati. Mbali imodzi tinalemba Uri, Harana, Sekemu, Hebroni. Mbali inayo ana anadza mmodzimmodzi ndi choko: Namuli, Milange, Phalombe, Mangochi, Ntcheu, Magomero. Belu la kupuma linalira mnyamata wina ali chiimire, kudikira choko.