Amayi, Musathamangire Kutseka Wailesi

Amayi anzanga, kodi mwana wanu akatsegula nyimbo zamakono zija, zogunda ngati mtondo wa m'bandakucha, inu mumatani? Ambirife timangokalipa kuti, "Tseka phokosolo!" Inenso ndidali wotero kufikira pamene gulu lathu la amayi lidapatsidwa theka la ola sabata iliyonse pa wailesi ya m'dera, ndipo anzanga adasankha ine kuti ndiziwayankhulira.

Ndidapita nditakonzeka bwino za phala la soya, za banki m'khonde ndi za kuipa kwa maukwati a ana. Koma mtsikana woulutsa mawu amene ankandithandiza adandifunsa kuti, "Amayi, nanga pakati pa nkhanizi tiikepo nyimbo yanji?" Ndidatchula za kwaya zokhazokha. Sabata zitatu zidatha popanda mtsikana ndi mmodzi yemwe woimba foni. Tinkangolangizana tokhatokha akuluakulu, eni malangizo ali kwina.

Tsono ndidayamba kumvetsera zimene iwo amamvera. Inu mukudziŵa kuti kuno ku Mchinji nyimbo imadutsa pa Mwami yopanda chiphaso. Wailesi za ku Chipata, monga Breeze FM, zimamveka m'midzi yathu yambiri, ndipo anyamata oika nyimbo m'mafoni pa Kamwendo amasakaniza Yo Maps wa ku Zambia ndi Driemo kapena Eli Njuchi a kuno kwathu, monga alongo a bere limodzi.

Zimenezi sizidayambe lero ai. M'chaka cha 1949 kudabwera tiwailesi totsika mtengo tooneka ngati sefuliya, ndipo makolo athu ankamvera Lusaka, kumene Alick Nkhata ankaulutsa mawu ndi kuimba ndi gitala. Nyimbo zimene agogo amazitama lerozi, panthaŵiyo zidali zachilendo. Ndiponso musayese kuti ntchitoyi nja abambo okha. Malemu Maria Chidzanja Nkhoma adali woimba ndi muulutsi womveka pa MBC, ndipo wailesi ya Dzimwe ku Mangochi, imene idatsegula njira ya wailesi za m'madera m'dziko muno, idayambitsidwa ndi bungwe la amayi atolankhani.

Kusankha nyimbo ndidakupeza kuti nkupeta. Nyimbo iliyonse ndimaimvera katatu kufikira kumapeto, ndipo mawu a chinyamata amene andipita ndimafunsa kwa mwana wanga, ngakhale iye amayamba waseka kaye. Zina ndi gaga weniweni, zotukwana thupi la munthu wamkazi; zotero sindiziika, ngakhale omvera azipemphe kakhumi. Koma zina, amayi, zidandigwetsa misozi. Pansi pa kugunda kuja muli mwana wamasiye wolandidwa chuma, muli mkazi wodikira mwamuna amene adapita ku Joni nakhala chete, muli mnyamata wophunzira wosoŵa ntchito. Kodi si zomwezo amayi athu ankadandaula pamtondo? Pakuti chigayo chidatilanda mtondo, madandaulowo adasamukira m'foni, ndipo ife tikutseka makutu.

Anaŵa satikana monga tiganizira. M'chaka cha 2020 Patience Namadingo adakhala pansi ndi agogo a Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, naimba nawo nyimbo zawo zakale. Ina mwa izo, "Linny Hoo", achinyamata adaifalitsa pa TikTok mpaka idamveka kumaiko akutali. Iwo adabwera kudzafuna zathu. Nanga ife tidapitako liti kukafuna zawo?

Sabata yachinayi ndidatsegula pulogalamu ndi nyimbo yatsopano imene mwana wanga adandisankhira, ine nditaipeta. Amayi ena a m'gulu adandiyang'ana ndi diso lofiira, ndipo mmodzi sadandiyankhule masiku aŵiri. Koma nyimbo isanathe foni idalira. Adali mtsikana wa ku Mkanda. Poyamba adangopempha kuti tiibwereze. Kenaka, motsitsa mawu, adafunsa ngati nzoona kuti amene adabereka angathe kubwerera kusukulu, ndi kuti akayambire kwa yani.